Thumba la kwa Apampando

"Fukulani, Nangozo."

"Sindifukula."

"Ndati fukulani chomwe mwakwirira apocho. Ndakuonani ndi maso angawa, osati a munthu wina."

A Tobias Kamtedza anali ataima kuseri kwa khitchini, manja m'chiuno, atavala chijasi chawo chobiriwira chonyezimira ngati cha apolisi apamsewu, wenzulo pakhosi. Akazi awo a Anjelina, omwe iwo ankawaitana kuti Nangozo, anatsamira khasu, phazi limodzi litaponda padothi lofukula kumene. Dzuwa linali lisanafike paliwombo koma Golomoti anali atayamba kale kuwira. Malambe a kutsidya kwa njanji ankaoneka ngati akuyandama m'madzi, ndipo mapiri a Dedza anali atasungunuka, kutsala kamzere kabuluu kokha.

"Pakhomo panga penipeni," anatero a Tobias. "Pakhomo pa wapampando wa komiti ya ukhondo! Lamulo likuti chiyani pa za pulasitiki?"

"Ine kuwekishopu kwanuko sindinapite nawo."

"Likuti pulasitiki sakwirira, satentha, saponya m'chimbudzi. Pulasitiki kwawo ndi kumtaya."

"Nanga kumtayako mlonda wanu Nasoni amatani nalo thumba la munthu?"

"Amamasula, n'kuona, n'kusankha. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Ndiye sindifukula."

"Muli chiyani m'jumbomo?"

"Za azimayi."

"Zinyalala zilibe mwamuna, zilibe mkazi, Nangozo. Zili ndi magulu atatu basi: zowola, zapulasitiki, zamabotolo ndi zitini. Anthu akamva izi adzati chiyani? Adzati khoswe wakhala pamkhate, a Kamtedza akuopa kuswa mkhate wawo."

"Anene, pakamwa ndi pawo. Inu abambo, paja amati safunsa anadya phula, koma wofunsitsa naye anamva zomwe makutu ake sakanasenza. Pitani kuntchito kwanu, geti likudikira."

A Tobias anayang'ana wotchi yawo, yomwe inaima kalekale koma inkawakhalabe bwino pamkono, n'kulengeza kuti nkhaniyi idzakambidwanso pamsonkhano wina. Popita kukatenga njinga anadzera pakanyumba kakuseri, n'kugogoda chitseko ndi chala chimodzi monga ankachitira m'mawa uliwonse.

"Wadzuka bwanji m'menemo, Abigail?"

"Ndadzuka, ababa."

"Malungo aja?"

"Akuchepa."

"Eya. Uzimwa madzi ambiri."

Mtayawo unali kuseri kwa msika, pafupi ndi njanji. Bungwe lina linabwera, n'kumanga mpanda wa waya ndi geti lachitsulo, n'kukumba maenje atatu akuluakulu, n'kubwerera ndi galimoto zake. Malamulo omwe linasiya anali ochepa: geti lizitsegulidwa m'mawa ndi kutsekedwa dzuwa likapendeka, zinyalala zizilowa m'dzenje la mtundu wake, ziweto zisalowe. Koma a Tobias moyo wawo wonse anagwira ntchito yosankha thonje, loyera uku lakuda uku, ndipo ankadziwa kuti munthu wa thumba lomanga sungamukhulupirire. Choncho anawonjezera lamulo lawolawo: thumba lililonse lizimasulidwa pageti, mlonda aone zam'kati. A komiti anawomba m'manja chifukwa msonkhano unali utatalika ndipo njala inali itawapweteka.

Zam'jumbo zija a Tobias sankazidziwa, ndipo panalibe njira yoti azidziwire. Kwathu kuno bambo sauzidwa za m'nsalu za mwana wake wamkazi. Nkhani yotere imayenda njira ya akazi, kwa mayi, kwa azakhali, ndipo bambo amangomva kuti mwana sakupeza bwino, n'kugwedeza mutu, n'kupita kukagula sopo.

Abigail anakwatiwa ku Mtakataka ndi Vincent. Atakhala ndi pakati, matenda ake atayamba, apongozi ake aakazi anamutsekera m'nyumba, dzuwa kulowa, kutuluka, kulowanso. Ankati mwana akachedwa kubadwa ndiye kuti mkazi anayenda ndi amuna ena, atchule mayina kuti njira itseguke. Abigail analibe dzina loti atchule. Pomwe ankamukweza pangolo kupita naye kuchipatala, khanda linali litatopa kale. Anakaliika amayi okhaokha. Kuyambira pamenepo mkodzo sunkamufunsa, unkangotuluka, usana ndi usiku. Apongozi aja anati, "Mwaona? Thupi likuulula zomwe pakamwa panakana." Vincent anamubweretsa panjinga yamoto kuti adzapume kwawo, ndipo njingayo sinabwerenso.

A Anjelina ankagula mapampasi a makanda kwa mayi wina wa ku Mua, kutali ndi maso a Golomoti, n'kumawasoka awiriawiri. Kuwatentha sakanatha, paja kutentha nsalu ya mkazi ndiko kutentha chiberekero chake. M'chimbudzi namo simukanatheka, chifukwa apampando ankawalitsamo tochi m'mawa uliwonse asanakhale. Inatsala nthaka yokha.

Masana a tsikulo a Anjelina analowa m'kanyumbako ndi beseni la madzi. Abigail anagona chagada pamphasa, pansi pake atayala pepala lofolerera nyumba, maso ali pakabowo ka padenga.

"Mukudziwa, amayi, pakabowo apo pamadutsa majumbo. Kamvuluvulu akawatola kumsika amakwera nawo mpaka kuchepa ngati anamzeze. Dzulo inadutsa yabuluu. Inaima pomwepo nthawi yaitali ikundiyang'ana."

"Jumbo ilibe maso."

"Kenaka ndinali ine m'kati mwake. Ndinaona Golomoti yense pansi, msika ngati mbale ya nyemba, sitima ngati bongololo. Kunali zii, kopanda fungo. Ndiye ndinali wouma, amayi. Wouma gwa, ngati chimanga cha m'nkhokwe."

"Dzuka ndikusinthe." A Anjelina anafinya nsalu m'beseni. "Pawailesi anenanso lero. Matenda akowa ali ndi dzina, akuti fisitula. Si matsenga, si chigololo, ndi bala lomwe limabwera mwana akakhalitsa panjira. Ku Lilongwe amasoka, munthu n'kuuma ngati kale."

"Ku Lilongweko amapita pa chiyani?"

"Paminibasi."

"Anthu othithikana pampando umodzi, amayi, onse a pa Golomoti pompano. Tisanafike pa Mua wina adzatsegula windo. Tisanafike pa Mtakataka kondakitala adzafunsa kuti wanyamula nsomba zowola ndani. Ndikadzaimirira adzaona pampando. Ndiye adzati apongozi ake aja ankanena zoona, n'chifukwa chake anamubweza. Ayi. Bola ndizingouluka pompano."

"Iwe, munthu sakhala m'nyumba mpaka kale."

"Aliyense akudziwa kuti ndili ndi malungo. Malungo ndi matenda aulemu."

Sabata yotsatira nkhumba za kwa aneba zinafukula dzenje lija. A Anjelina anazipeza zikukanganirana jumbo pafupi ndi njira ya kumjigo, ndipo anatola zidutswa chothamanga. Nthaka nayo inali itakana. Ndiye anaganiza zoyesa kumtaya. Anaika kajumbo kamodzi pansi pa thumba, pamwamba n'kuthira phulusa ndi masamba a kabichi, n'kukaima pamzere kumbuyo kwa Upile wogulitsa mandasi.

Amuna a bawo, omwe kwa zaka zambiri ankasewerera pansi pa mlambe wa padepoti, anali atasamukira pafupi ndi geti. Ankati kumeneko kuli mthunzi wabwino. Kunalibe mtengo ndi umodzi womwe.

Nasoni, mlonda wa pamtaya, anali bambo waimvi yemwe kale ankapakira makala m'malole ndipo palibe ankamupatsa moni. Komiti inamupatsa ndodo yokhala ndi msomali kumapeto, ndipo ndodoyo inamutalikitsa msinkhu.

"Masulani, mayi."

"Ndi makoko a nthochi ndi phulusa, a Nasoni. Tsiku lililonse n'zomwezo."

"Lamulo silimva, limaona. Masulani."

Upile anamasula. Nasoni anatakasa ndi ndodo ngati wofufuza nyama m'ndiwo. Anatulutsa kabotolo koyera ka mankhwala, kopanda kanthu, n'kukakwezera kudzuwa.

"Aka si kowola aka. Kapulasitiki, dzenje lachiwiri." Anakatembenuza kuti awerenge, ngakhale kuwerenga kunkamuvuta. Amuna a bawo sikunawavute. Mabotolo a mtundu umenewo aliyense amawadziwa, ngakhale amene amalumbira kuti sanawaonepo.

"Anasiya ndi mlendo," anatero Upile.

"Alendo a masiku ano," anayankha Mustafa telala, akutaya nkhomo m'maenje a bawo osadzutsa mutu, "amadya, amagona, n'kusiyanso mphatso."

Kuseka kwake kunali kwapansipansi, kwaulemu ndithu. Upile anamanga chitenje chake chomwe chinali chomanga kale, n'kuchoka. Tsiku limenelo mandasi ake anagona m'chidebe, mawa lakenso chimodzimodzi.

A Anjelina anatembenuka pamzere.

"Mayi a kwa apampando, mwabwerera?" anafuula Nasoni. "Inu mukanadutsa kutsogolo!"

"Ndaiwala nyemba pamoto."

Atafika kunyumba anatenga thumba la feteleza, n'kuikamo kajumboko, n'kulibisa m'nkhokwe, momwe chimanga chinali chitatha kale. Tsiku ndi tsiku thumbalo linkanenepa.

Madzulo ena a Tobias anakhala pakhonde atavula nsapato, chijasi osavula. Kunja kunali kofiira ndi fumbi, mbuzi zikuyenda ngati zikusinza.

"Nangozo, ndikatseka maso ndimamuona Golomoti wa mawa. Msewu wosesa ngati pabwalo la tchalitchi tsiku la ukwati. Mabasi a ku Mangochi akuima, anthu akutsika, osati kudzagula mango kapena kudzataya madzi, koma kudzangoona. Maluwa mbali iyi, maluwa mbali iyo. Ngakhale akhwangwala akuuluka pamzere. Ndiye pamphambano paja chikwangwani chachikulu, Msewu wa Kamtedza. Ine sindinapemphe, anthu okha."

"Mukatsegula masowo mumaona chiyani?"

"Ndimaona zipatso. Zinyalala zobwera kumtaya zachepa kwambiri. Kutanthauza kuti anthu aphunzira."

"Mukasuzumire pansi pa mlatho wa njanji. Amayi akutaya kumeneko m'bandakucha ngati akuba."

"Amenewo ndi osaphunzira."

"Upile sakugulitsa mandasi. Mwana wa a Gladys wasiya sukulu chifukwa Nasoni anakweza zake za kumwezi pandodo, anyamata a kabaza akuona. Amuna a bawo akudziwa amene waima, amene sanaime, amene akumwa chiyani. Kodi munamanga mtaya kapena bwalo la milandu?"

"Wosalakwa saopa kumasula thumba."

"Aliyense ali ndi thumba, abambo. Nyumba iliyonse ili ndi kuseri kwake. N'chifukwa chake bafa amamanga ndi udzu, samanga ndi galasi."

"Mwayamba ndale."

A Anjelina anatsegula pakamwa, mawu anafika pammero, n'kubwerera okha. Mawu amenewo analibe njira yopitira kwa bambo wa mwana. Anayesa kulambalala.

"Pitani ku Mua mukatenge achemwali anu a Eneles. Pali mawu oti akuuzeni iwo, osati ine."

"Mawu anji omwe mkazi wanga sangandiuze?"

"Oterowo."

"Eneles akabwera amakhala mwezi, ndipo amataya makoko paliponse. Alendo akubwera ochokera kuboma, ndi kamera. Akabwera n'kupita, ndidzamutenga."

"Mwana wanu, abambo."

"Mwana wanga ali ndi malungo ndipo akuchepa. Amandiuza yekha. Koma pali chinthu china, Nangozo. Mbuzi zija muzizimanga kutali. Kuseri uko kwayamba kununkha, alendo angadzere kuno."

"Ndamva, apampando," anatero a Anjelina, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la alendo linafika ndi mphepo yotentha. Nasoni anasesa pageti mpaka mizere ya tsache kuoneka ngati tsitsi lopesa. Alendo anali mayi wamagalasi ndi bambo wonyamula kamera. A komiti anakhala pamabenchi obwereka kutchalitchi, amuna a bawo pamalo awo, ndipo amayi a pamsika anaima chapatali. A Tobias analankhula za mbiri ya zinyalala kuyambira m'munda wa Edeni, pomwe anati khoko la chipatso chija palibe amene akudziwa kuti linatayidwa kuti. Atatha anati tsopano alendo aone okha mmene ntchito imayendera, n'kuliza wenzulo kuti woyamba pamzere abwere.

Panalibe mzere. Amayi aja anangoima, manja m'zitenje, opanda thumba ndi limodzi lomwe. Jumbo yoyera inadutsa pamwamba pa mpanda mwapang'onopang'ono, ngati nayo yabwera kudzaonerera, n'kupitirira cha kunjanji.

"Golomoti wayera, apampando," anatero Mustafa. "Zinyalala zatha. Tikabwereke ku Salima?"

Thukuta linatsika m'chijasi. Bambo wa kamera anayang'ana kumwamba. Apo ndi pomwe a Tobias anakumbukira kuti m'mawa womwewo, pofunafuna chingwe chomangira mbendera, anasuzumira m'nkhokwe n'kuona thumba la feteleza lomanga mfundo zolimba. Anadziwa kuti ndi majumbo a Nangozo aja, ndipo anasunga mkwiyo kuti adzautulutse alendo akapita. Tsopano anaona kuti Mulungu sapatsa munthu thumba pachabe.

"Alendo athu olemekezeka, mtsogoleri weniweni amayamba ndi pakhomo pake. Mundidikire pang'ono."

A Anjelina anali pamjigo pomwe njinga inadutsa, thumba lili pakaliyala. Anasiya chidebe madzi akusefukira, n'kuyamba kuthamanga. Mayi wa msinkhu wawo sathamanga pamsika pokhapokha nyumba ikupsa, choncho anthu omwe anali asanapite kumtaya anawatsatira.

"Nasoni, masula," anatero a Tobias akutsitsa thumba. "Ili ndi la kunyumba kwanga. Lamulo lilibe mkamwini, lilibe mwini mudzi."

"Abambo!"

"Aa, mwafika bwino, Nangozo. Alendo, awa ndi mayi akunyumba. Nawonso lero aphunzira."

A Anjelina anagwada pafumbi, pamaso pa komiti, amuna a bawo ndi kamera, n'kuyamba kuwomba m'manja mofewa, mutu uli pansi, monga amachitira munthu wopepesa pamaliro. A Tobias anadabwa. Chikwatiraneni, mayi ameneyu anali asanawagwadirepo chotero pagulu, ngakhale pa chinkhoswe. Anakweza dzanja kuti aimitse, koma Nasoni anali atang'amba kale mfundo ndi msomali.

Fungo ndi lomwe linayamba kutuluka. Mayi wamagalasi anabwerera m'mbuyo. Nasoni anabaya jumbo yapamwamba, n'kukweza pandodo mapampasi awiri a makanda, osokedwa pamodzi ndi ulusi wakuda, olemera.

"Zapulasitiki," anayamba mwachizolowezi, "dzenje lachi..." Anaima. "Koma apampando, kwanu kuli khanda?"

Kenaka, kumbali ya amayi, manong'onong'o anayamba kuyenda ngati moto m'udzu wouma.

"Khanda lija si anaika ku Mtakataka?"

"Nanga mwana wawo uja satulukayu?"

"Paja apongozi ake ankati..."

A Tobias anayang'ana pandodo. Ulusiwo anauzindikira, unali womwe unasoka mpendero wa thalauzi lomwe anavala. Anayang'ana akazi awo pafumbi. Ndiye zinthu zinabwera zokha, chimodzichimodzi, mosathamanga, ngati ng'ombe zobwerera kukhola: chitseko chosatseguka, sopo wosakhalitsa, mbuzi zomwe anazinamizira. Anaona milomo ya anthu ikukonzeka kutchula dzina. Linatsala pang'ono kutuluka, ndipo dzina likatuluka pa Golomoti silibwerera.

"Ndi anga," anatero.

"Mwati, apampando?"

"Ndati ndi anga. Ndine ndimavala."

Nasoni anayang'ana mapampasiwo, n'kuyang'ana mimba ya a Tobias.

"Aang'ono chonchi?"

"Suona kuti ndi osoka? Amandilumikizira mayi akunyumba. Aakulu ndi odula."

Woyamba kuphulika anali Mustafa, mpaka nkhomo za bawo zinamwazika. Ena anatsatira. Kuseka kunayenda m'mabenchi a komiti, kunalumpha mpanda, kunakafika kwa anyamata a kabaza pamsewu omwe sankadziwa n'komwe chomwe akuseka. Dzina lija linamira m'phokosomo, palibe amene analitolanso.

"Kuyambira liti, akuluakulu?" anafunsa Mustafa akupukuta misozi.

"Kuyambira pomwe ndinayamba kukalamba. Ukubwera komweko, telala. Uzisunga ulusi."

"Ndiye muja mumaima pamsonkhano osapuma, tinkati ndi mphamvu!"

"Abale, tinali ndi apampando, kodi tinali ndi apampasi?" anafuula wina kumbuyo, ndipo aliyense anadziwa kuti dzina limenelo lidzawaperekeza mpaka kumanda.

Amayi okha ndi omwe sanaseke onse. Upile anawayang'ana a Tobias nthawi yaitali, kenaka anapita kukawadzutsa a Anjelina ndi kuwasansa fumbi m'maondo.

"Bambo, pepani," anatero mayi wamagalasi motsitsa mawu, atauza wa kamera kuti atseke. "Koma zinthu ngati izi siziyenera kumasulidwa pagulu. Lamulo limeneli linachokera kuti?"

"Kwa munthu wina wosaganiza bwino," anayankha a Tobias. "Tikambirana naye."

Anachotsa mapampasi aja pamsomali ndi manja awo, n'kuwabwezera m'thumba, n'kumanga. Analinyamula okha mpaka kudzenje, n'kuliponya, n'kupalasira dothi ndi nsapato zawo za msonkhano mpaka linabisika. Pobwerera anaima pamaso pa Nasoni.

"Wandiona ine, wakhuta. Kuyambira lero thumba lomanga lizilowa chimangire. Mwini wake anena yekha dzenje lake."

"Nanga ndodoyi?"

"Uzithamangitsira nkhumba."

Anakankha njinga mpaka kunyumba, osakwera. Ana anawatsatira chapatali ndi kanyimbo komwe anali atapeka kale. A Anjelina ankayenda pambuyo pawo, ndipo anayamba kulankhula atalowa mumpanda.

"Mwadzivula pagulu, abambo."

"Inu munali kuti osandiuza?"

"Ndikanakuuzani ndi pakamwa pati?"

A Tobias anaganiza, n'kupeza kuti funsolo lilibe yankho m'malamulo onse omwe ankawadziwa. Anafunsa pang'onopang'ono, akuyang'ana kumbali, ngati akufunsa za matenda a munthu wa kumudzi wina. A Anjelina anayankha chimodzimodzi, za munthu wa kumudzi wina yemwe anatsekeredwa m'nyumba kuti atchule mayina, yemwe bala lake amasoka ku Lilongwe, koma akuopa minibasi. A Tobias anavula chijasi n'kuchikoleka pamtengo wa papaya. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana cha ku Mtakataka.

"Za anthu amenewo tidzakamba," anatero pomaliza. "Mlandu suwola."

Anatenga kampando, n'kukakhala pafupi ndi chitseko cha kanyumba kakuseri, msana utatsamira khoma. Dzuwa linali litapendeka. Kutali sitima ya katundu inkadutsa mwaulesi, ndipo phokoso lake linkamveka ngati likuchokera pansi pa nthaka. Sanagogode.

"Mayi anga."

"Ababa."

"Wamva kuti ndikudwala?"

Nyimbo ya ana inkamvekabe kunjira.

"Ndamva, ababa."

"Golomoti yense wamva. Mawa afika nayo ku Dedza. Ndiye akuti ku Lilongwe kuli madokotala odziwa matenda angawa. Ndaganiza zokwera minibasi yoyamba. Koma munthu wodwala sayenda yekha, amafuna womugwira dzanja. Amako apita nawo, koma ukuwadziwa, akangokwera galimoto amagona."

Mphasa inalira m'katimo.

"Ukhale pakati pa ine ndi amako. Ndiyala pepala pampando wonse, ndiuza kondakitala chifukwa chake, mokweza, kuti asavutike kufunsa. Likamveka fungo, mwini wake akumudziwa kale. Atsegule mawindo onse, ine ndiwapepesa mmodzimmodzi. Kulankhula pagulu ndi ntchito yanga."

"Ababa, adzakusekani njira yonse."

"Aseke. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, si zachilendo. Iwe ungoyang'ana panja, uziwerenga malambe."

A Anjelina anaima pakhomo la khitchini, chitenje chili pakamwa. Kenaka chitseko chinalira, n'kutseguka pang'ono, mpata wongokwana dzanja. A Tobias sanacheuke. Anapitiriza kuyang'ana kutsogolo monga ayenera kuchitira bambo, ndipo anangomva zala zowonda zikuwagwira pamapewa a malaya.

"Ndiye mugone msanga, ababa," anatero Abigail. "Odwala amavuta kudzutsa."